Ziwengo Zimene Ndinabisa Poopa Kufufutidwa Dzina

Ndikupatsani moni nonse amene mukuwerenga mawu awa, abale anga mwa Ambuye, ondidziwa ndi osandidziwa omwe. Ndine mayi wa ana anayi, mlimi wa fodya ndi chimanga kuno kwa Simlemba, ndipo kwathu amangonditchula kuti Nachisale. Ndikufuna ndikuuzeni za tsiku limene mankhwala ondichiza khansa ya m'mawere anatsala pang'ono kundipha. Ndisakunamizeni, mlandu sunali wa achipatala. Unali wanga, chifukwa ndinabisa chinthu chimene ndinayenera kunena. Manyazi ndili nawo polemba izi, koma Mulungu amene anandibweza pakhomo pa manda sindingamumane ulemu wake chifukwa cha manyazi anga.

Kuti mumvetse kupusa kwangako, ndiyambe ndi nkhani ya makuponi. Ine chibadwire sindinali munthu wachete. Amuna anga, bambo a Tadala, ankandiseka kuti ndikayamba kulankhula ngakhale nkhuku zimasiya kutola. Chaka china pa msonkhano wolemba mayina a olandira feteleza wa sabuside, ndinaimirira n'kufunsa chifukwa chake mabanja atatu tinkagawana thumba limodzi pamene makomo ena ankalandira makuponi awiriawiri. Anthu anawomba m'manja, ine n'kumadzimva kuti ndanena zanzeru. Chaka chotsatira mayina atawerengedwa, langa panalibe. Chinacho panalibenso. Palibe amene anandiuza chifukwa chake, ankangoti kompyuta yandilumpha. Zaka ziwiri zimenezo chimanga chathu chinachita chikasu chisanafike m'chiuno, ndipo ana anga anaidziwa njala. Kuyambira pamenepo ndinadziikira lamulo mumtima: ukalembedwa pa mndandanda wa zinthu zosowa, thokoza, tseka pakamwa, usadandaule kanthu. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika, ndipo ine ndinali nditang'ambikapo kale.

Chotupa ndinachimva ndikusamba, ku bere lakumanzere, kanthu kolimba kosapweteka. Ndinazengereza miyezi ingapo, kenako ndinapita kuchipatala chathu chaching'ono. Iwo ananditumiza kuboma, akuboma ananditumiza kuchipatala chachikulu cha mumzinda. Kumeneko bere analichotsa. Zitatero ndinayamba kemo, mankhwala a m'diripi amene amathothola tsitsi ndi kusanzitsa munthu mpaka m'mimba kuuma. Zimenezo ndinapirira, ndipo sindizo ndikufuna kukamba lero.

Kemo atatha, adokotala anandiitana pamodzi ndi amuna anga. Anali mayi wochepa thupi, wolankhula mofatsa ngati alibe changu chilichonse. Anatiuza kuti kanyama kamene anadula pa bere paja anakakayeza, ndipo anapeza kuti khansa yanga ndi ya mtundu wofulumira kubwerera. Koma anati mtundu umenewu uli ndi mankhwala akeake, amene salimbana ndi thupi lonse monga kemo, koma amalunjika pa khansayo. Dzina lake ndi lachizungu, lalitali, mpaka lero limandipinda lilime. Mankhwalawo anali osowa, anabwera ndi anthu akufuna kwabwino, ndipo anali okwanira odwala ochepa okha. Ndinayenera kumalandira pa diripi pakatha milungu itatu iliyonse kwa chaka chathunthu. Pomaliza adokotala anati, "Amayi, dzina lanu talilemba."

Abale anga, mawu amenewo anandilowa mpaka m'mafupa. Ndinasangalala, inde, koma nthawi yomweyo mantha akale aja anadzuka. Potuluka ndinaona amayi ena atakhala pa benchi, ndipo ndinadziuza kuti pakati pawo alipo amene akudikira kuti wina aterereke kuti alowe m'malo mwake. Ndinalumbira mumtima kuti woterereka ameneyo sadzakhala ine.

Ulendo woyamba unali m'nyengo yothyola fodya. Asanandiike diripi, anesi anandilangiza bwinobwino. Anati ndikamva chachilendo chilichonse, kaya kuyabwa, kaya kuzizidwa, kaya kubanika, ndinene msanga. Ndinayankha kuti, "Chabwino, asisita." Koma m'mutu mwanga ndinamva zina. Ndinaganiza kuti akufuna aone amene thupi lake ndi lofooka kuti amuchotse, mankhwala asawonongeke pachabe.

Diripi itatsala pang'ono kutha, m'manja munayamba kuyabwa. Makutu anatentha, kenako ndinamva tsembwe thupi lonse, ndipo pakhosi panali ngati paima kanthu kokana kutsika. Pa mkono panatuluka timabala tofiira totukuka. Anesi anadutsa n'kundifunsa kuti ndikumva bwanji. Ndinakokera chitenje pamikono n'kumwetulira, ndikuti ndili bwino. Diripi inatha, anachotsa singano, ndipo ndinatuluka ndikuyenda mowongoka ngati munthu wopanda vuto. M'minibasi pobwerera, ziwengo zinali zitafika pakhosi ndi pamimba, ndipo ndinakanda njira yonse.

Chodzinamizira ndinali nacho pafupi. Aliyense amene wathyolapo fodya wa mame amadziwa chizungulire chake, nseru yake, ndi kuyabwa kwa utomoni wake wakuda pakhungu. Masiku amenewo ndinalibe mphamvu zopita kumunda, koma ndinkakhala m'chigafa choumitsira fodya kusoka masamba. Choncho ndinati ndi fodya basi. Pansi pa mtima ndinkadziwa kuti ndinali nditatha masiku awiri osagwira tsamba ndi limodzi lomwe, koma mfundo imeneyo ndinaikankhira kumbali.

Amuna anga ataona pakhosi panga anadzidzimuka. "Kodi zimenezi mwawaonetsa achipatala?" anandifunsa.

"Mukufuna andifufute?" ndinawayankha mokalipa. "Mwaiwala zimene zinachitika nditatsekula pakamwa pa makuponi paja?"

Njala ija anali asanaiwale, ndipo ndinawaumiriza kulonjeza kuti sadzauza munthu. Ndinapemphera ndithu, koma tamverani pemphero lake. Sindinapemphe nzeru kapena kulimba mtima. Ndinapempha kuti Ambuye abise ziwengozo tsiku lobwerera kuchipatala lisanafike. Patatha masiku awiri zinazimiririka, ndipo ine ndinayamika kuti pemphero layankhidwa. Munthu ukafuna kudzinyenga, ngakhale Mulungu umamuika kukhala mboni yako.

Tsopano ndikuuzeni za a Dorofe. Anali mayi wa ku Phalombe, amuna awo anali tenanti pa esiteti ina ya fodya cha kwa Kaomba, ndipo iwo ankalandira kemo tsiku lofanana ndi langa. Ndivomere pano tchimo lina. Ife eni midzi timawaonera pansi matenanti. Timapemphera nawo, timagula nawo pamsika, koma mumtima timati ndi anthu obwera, a chaka chimodzi. Kuwonjezera apo, a Dorofe anali olongolola. Ankafunsa anesi chilichonse: mankhwala awa ndi a chiyani, bwanji lero diripi ikuchedwa, bwanji mkono ukuzizira. Ine ndinkawapewa, poganiza kuti pakamwa potere pamaitanira mavuto ngakhale kwa amene wakhala pafupi. Akandipatsa moni ndinkayankha mwachidule n'kuyang'ana kumbali.

Ulendo wachiwiri amuna anga anafuna kundiperekeza, koma ndinakana. Fodya anali atapsa m'munda, ndipo tsamba likapsa silidikira munthu. Komanso ndinkaopa kuti anesi akawafunsa, nkhope yawo idzaulula zimene pakamwa pawo palonjeza kubisa. Ndinapita ndekha. M'chipinda cholandirira diripi, mpando wopanda munthu unali umodzi wokha, pambali pa a Dorofe. Ndinakhala ndikung'ung'udza chamumtima.

Anesi anabwera ndi buku langa lakuchipatala. Anandifunsa ngati ulendo wapita uja ndinamva chovuta chilichonse, pa diripi kapena kunyumba. Ndinawayang'ana m'maso n'kunena kuti ayi. Analemba bodza langalo m'buku, analumikiza diripi, napita mbali ina ya chipinda kumene mayi wina mtsempha unkavuta kupezeka.

Sipanapite nthawi. Kuyabwa kunayambira m'manja monga kale, koma ulendo uno kunathamanga. Kunafika kumapazi, kumutu, m'khwapa, paliponse nthawi imodzi. Nkhope inatentha. Milomo inayamba kulemera, ndipo lilime linadzadza m'kamwa moti malovu ankandivuta kumeza. Ndinatsokomola kamodzi, kawiri, kenako ndinamva m'chifuwa mwanga mukulira kamluzu ndikamakoka mpweya. Ndinayang'ana thumba la diripi lili pamwamba, ndipo linali lodzadzabe. Ndinadziuza kuti ndingopirira, ulendo watha uja zinatha zokha. Ndinakweza chitenje n'kuphimba pakamwa ngati munthu wozizidwa.

"Achemwali," anatero a Dorofe, "maso anuwo atupa. Tachotsani nsaluyo ndione."

"Palibe kanthu," ndinayankha. "Ndi fodya."

"Fodya wake uti? Ine ndasoka fodya zaka zonsezi, sindinaonepo akutupitsa munthu maso."

Anatambasula dzanja n'kukoka chitenje changa. Ataona milomo yanga, nkhope yawo inasintha. Ine ndinawagwira pamkono ndi mphamvu zonse zimene ndinatsala nazo. Mawu anga anali atasasa kale, ankangotuluka ngati kunong'ona. "Chonde, mayi, khalani chete. Andichotsa pa mankhwala. Chonde."

Anandiyang'ana kanthawi kochepa chabe. Kenako anakuwa mawu amene anagwedeza chipinda chonse. "Anesi! Anesi! Munthu akufa kuno!" Anaimirira diripi yawo ili pamkono, chitsulo chopachikapo diripi chikuwatsata pambuyo, nakuwabe osaleka.

Ndinene zoona pamaso pa Mulungu: pa nthawi imeneyo ndinadana nawo mayi amenewo. Mpweya ukundithawa, chimene chinali m'mutu mwanga n'chakuti tenanti uyu wandiwonongera mwayi.

Zotsatira ndimazikumbukira mwa zidutswazidutswa. Anesi anathamanga n'kutseka diripi. Ndinayesa kunena kuti asatseke, koma mawu sanatuluke, ndipo mpweya sunalowenso. Ndinkakoka, chifuwa chikukana. Kuwala kwa m'chipinda kunayamba kuchepa kuchokera m'mbali. Ndinamva thupi langa likutsetsereka pampando, manja a anthu akundigwira, wina akukweza miyendo yanga m'mwamba. Jakisoni anandibaya pantchafu, kupyoza chitenje chomwe. Anandiphimba mphuno ndi pakamwa ndi chipangizo cha mpweya. Ndinamva mawu a adokotala aja, amene ndinkawadziwa ofatsa, akulamula mofulumira ndi mokweza. Pamenepo ndiye ndinazindikira kuti ndikufa. Ndinaganiza za mwana wanga wotsiriza, amene ndinamusiya akuchapa yunifolomu yake osamutsanzika bwino. Ndinafuna kupemphera koma mawu onse anabalalika, linatsala dzina limodzi lokha la Yesu, ndipo ndinaligwira limenelo. Anandibayanso kachiwiri. Patapita nthawi imene sindingaiyeze, kampweya kochepa kanalowa, kopyapyala ngati kodutsa m'kabango. Kenako kena. Ndinalira osatulutsa mawu.

Ananditengera ku wodi, ndipo amuna anga anafika m'mawa mwake atasiya fodya ali m'munda. Adokotala atabwera kudzandiona, funso langa loyamba silinali la moyo wanga. Ndinafunsa ngati dzina langa lilipobe. Anakoka mpando, nakhala pansi, nandifunsa kuti, "Amayi, kodi ulendo woyamba simunamve kanthu?" Ndinayang'ana amuna anga, iwo anayang'ana pansi. Bodza linali litandithera, choncho ndinaulula zonse: kuyabwa, tsembwe, ziwengo za m'minibasi, fodya amene ndinamunamizira, ngakhale nkhani ya makuponi.

Ndinkayembekezera kukalipiridwa, ndipo mwina zikanandipepukira. Koma adokotala anangopuma mozama. Anati mankhwalawa amawawenga anthu ena, ndipo si mlandu wa wodwala. Ndikananena tsiku loyamba lija, akanandipatsa mankhwala oteteza ndisanayambe, akanachepetsa liwiro la diripi, ndipo munthu akanakhala pambali panga kundiyang'anira. Palibe amene akanandichotsa chifukwa cha kuyabwa. "Koma tsopano thupi lanu likuwaona mankhwalawa ngati mdani," anatero. "Kukupatsaninso monga tinkachitira ndi kukuphani. Tiyamba taimitsa."

Chimene ndinkachiopa chinandipeza, ndipo ndinachiitana ndekha ndi kukhala chete kwanga. Milungu yotsatira inali yowawa kuposa kemo. Ndinabwerera kumudzi ndilibe tsiku lobwerera kuchipatala. M'mawa uliwonse ndinkapapasa pachipsera ndi m'khwapa, kufunafuna chotupa chatsopano, ndipo kalikonse kolimba kankandiumitsa m'kamwa. Kutchalitchi ndinasiya kupita. Amayi a mumpingo atabwera kudzandiona, ndinawauza kuti mankhwala anatha kuchipatala, bodza linanso pamwamba pa loyamba. Ndinakwiyira a Dorofe, ndinakwiyira amuna anga chifukwa chosunga lonjezo limene ndinawakakamiza ndekha, ndipo ndinakwiyira Mulungu kuti anandionetsa khomo n'kulitsekanso.

Tsiku lina masana ndinali ndekha m'chigafa, ndikusankha fodya wouma. Ndinayamba kudandaula kwa Mulungu mokweza ngati ndikukangana ndi munthu. Ndili pakati podandaula, ndinadzimva ndekha zimene ndinkanena, ndipo zinandichititsa manyazi. Ndinkaimba mlandu aliyense kupatula amene ananama. Ndinagwada pafumbi pomwepo n'kunena kuti, Ambuye, ndinanamiza anesi, ndinanamiza adokotala, ndanamiza mpingo, ndipo ndinafuna kuti Inu mundithandize kunama. Sindinapemphe mankhwala tsiku limenelo. Ndinapempha chikhululukiro, ndi kuti ngati masiku anga atsala ochepa, ndiwakhale ndilibe chobisa. Lamulungu lotsatira ndinabwerera kutchalitchi, ndinaimirira pakati pa amayi anzanga n'kuwauza zoona zake. Ena anagwetsa misozi, ndipo mmodzi ananena poyera kuti iyenso akanachita chimodzimodzi.

Patadutsa masiku angapo, foni ya amuna anga inalira tili kumunda. Anali anesi aja, akuti adokotala akutifuna. Tinapita mitima ili m'mwamba, osadziwa ngati atiitanira zabwino kapena kudzatitsanzika.

Adokotala anati nkhani yanga sanaisiye. Anafunsa anzawo odziwa za ziwengo, ndipo panali njira imodzi yoyesa. Anati adzayamba ndi kadontho ka mankhwala kosungunulidwa m'madzi ambiri, kochepa moti thupi silingakazindikire. Pakapita kanthawi awonjezere pang'ono, kenako pang'ono, sitepe ndi sitepe, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kufikira mlingo wonse utalowa. Amuna anga anamvetsera, kenako anati, "Ngati mmene timakhwimitsira mbande ku nazale, kuchotsa udzu pang'onopang'ono kuti zizolowere dzuwa?" Adokotala anamwetulira n'kuvomera kuti n'zofananako. Koma sanatibisire kuopsa kwake. Anati zija zikhoza kuchitikanso, n'chifukwa chake adzandigoneka m'chipinda chokhala ndi mpweya ndi jakisoni pafupi.

Kenako ananditembenukira. "Amayi, makina athu amaona kugunda kwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi. Kuyabwa saona. Amene angakuone ndinu nokha. Mukanena msanga, tikhoza kuimitsa, kukuthandizani, n'kupitiriza. Mukabisa, tidzazindikira mochedwa, ndipo ngati mudzapulumuke, mankhwalawa simudzawaonanso." Ndinavomera ndi pakamwa, koma mtima unkakayikabe. Zaka zonse zija ndinkakhulupirira kuti wodandaula ndiye amachotsedwa, ndipo chikhulupiriro chotere sichichoka ndi mawu a tsiku limodzi.

Tikutuluka ndinawaona a Dorofe pa benchi, atawonda kuposa kale, duku lili kumutu. Miyendo inafuna kundipititsa njira ina, koma ndinapita n'kugwada patsogolo pawo, anthu akuona. Ndinawapepesa, n'kuwauza kuti ndinadana nawo milungu yonseyi. Iwo anaseka n'kundidzutsa. Anandiuza kuti mng'ono wawo anamwalira zaka zapitazo atabayidwa jakisoni wina, ndipo anayamba chimodzimodzi, maso ndi milomo kutupa, anthu n'kumati zitha zokha. "Ndiye nditaona milomo yanu ija, ndikanakhala chete bwanji?" anatero. "Ndinati mayiwa andide, bola akhale moyo wondidawo." Ndinawagwira dzanja.

Tsiku loyesa linafika. Anandigoneka pabedi, singano ziwiri, mkono uliwonse yake. Anandipatsa mankhwala oteteza amene anandilemeretsa maso. Anesi anakhala pampando pambali panga ndi pepala ndi wotchi, amuna anga anaima pakhomo chifukwa sankaloledwa kulowa. Thumba loyamba linayamba kudontha mochedwa kwambiri moti ndinkawerenga madontho. Nthawi ikakwana anesi ankawonjezera liwiro, n'kulemba, n'kundifunsa. Thumba loyamba linatha popanda kanthu. Lachiwiri linathanso. Ndinayamba kulimba mtima, ngakhale kuwaseka amuna anga kuti aima ngati mlonda wa pa esiteti.

Dzuwa litapendeka anapachika thumba lachitatu, la mankhwala enieni osasungunula kwambiri. Sitepe yoyamba inadutsa. Pa yachiwiri, pakati pa chikhatho chakumanja panayamba kunyerenyetsa. Kanali kakang'ono, koti munthu ukhoza kukanyalanyaza. Ndinafumbata dzanja. Kanafalikira ku zala, kenako kuseri kwa khutu.

Anesi anali ataweramira pa pepala lawo. Palibe amene ankadziwa koma ine. Ndinayang'ana thumba lija, ndipo linali lisanafike ndi pakati pomwe. Mawu akale aja anabwera onse: ukanena atseka, akatseka basi, mwayi wachiwiri sabwereza kachitatu, pirira pang'ono chabe. Mtima unkagunda moti makina anayamba kulira mofulumira, ndipo anesi anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Ndinaona kuti dzanja langa lamanzere layamba kale kukokera nsalu pamkono, lokha, ndisanalitume. Ndinachita mantha ndi dzanja langa lomwe. Ndinapemphera mawu atatu okha, Ambuye nditsekuleni pakamwa.

"Asisita," ndinatero, "m'manja mukuyabwa. Ndi kuseri kwa khutu."

Nthawi yomweyo anatseka diripi. Madontho ataima, ndinayamba kulira, chifukwa ndinali wotsimikiza kuti zathera pomwepo. Adokotala anabwera mofulumira, anandiyang'ana m'kamwa, anamvetsera m'chifuwa, anaona timabala titatu tofiira pamkono. Anandipatsa mankhwala kudzera pa singano inayo, kenako tinadikira. Amuna anga pakhomo paja anali atavula chipewa. Ine ndinkangomvetsera pakhosi panga, kudikira kuti patsekeke. Mphindi zinkayenda mochedwa kwambiri. Pang'ono ndi pang'ono kuyabwa kunazilala, timabala tija tinaphwa, ndipo mpweya unkalowa ndi kutuluka bwinobwino.

Adokotala anayang'ana wotchi, nayang'ana anesi. "Tibwerere sitepe imodzi m'mbuyo, titsegulenso," anatero. Kenako anandigwira phewa. "Mwachita bwino kunena, amayi. Tikupitiriza chifukwa mwanena."

Nditaona dontho loyamba likugwanso, ndinalira kuposa poyamba. Thumba lija linatha kunja kukali kowala, ndipo ndinali wamoyo, mankhwala onse ali m'thupi mwanga.

Maulendo onse otsala anali otero, tsiku lathunthu pabedi, kuyambira pa kadontho. Kawiri kuyabwa kunabweranso, kawiri konse ndinanena, ndipo kawiri konse anaimitsa n'kupitiriza. Chaka chinatha, ndipo ndinamaliza mankhwala anga onse. Panopa ndimapita kukayezedwa nthawi ikakwana, ndipo mpaka lero sanapeze kanthu. Za mawa sindizidziwa, sindikufuna kulonjeza zimene Mulungu sanandilonjeze. Koma ndaona mdzukulu wanga woyamba, ndipo ndabwerera kumunda, ngakhale mkono wamanzere sunyamulanso zolemera.

A Dorofe ndinaonana nawo maulendo atatu okha pambuyo pake. Tinkasungirana malo pa benchi ndi kugawana mbatata. Nyengo yogulitsa fodya itatha, banja lawo linachoka pa esiteti kubwerera ku Phalombe, ndipo anati akapitiriza chithandizo kufupi ndi kwawo. Nambala imene anandipatsa inasiya kugwira patapita miyezi iwiri. Sindikudziwa ngati ali moyo, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima mpaka lero. Ndimawatchula dzina m'pemphero tsiku lililonse.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanayankhe pemphero langa lopusa, koma anandiikira mpando pambali pa munthu amene ndinkamunyoza. Ndikuthokoza adokotala ndi anesi amene sananditaye ngakhale ndinawanamiza, amuna anga amene anapirira ukali wanga, ndi amayi a mumpingo amene anandilandira nditaulula.

Inu amene muli pa mankhwala a khansa kapena a matenda ena aliwonse, musataye mtima, ndipo musasiye chithandizo panjira. Pempherani, koma mukatha kupemphera muwauze achipatala zoona. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo kuyabwa kwa m'thupi mwanu palibe angakumvereni. Nenani kukali kochepa. Inunso amene mumakhala pambali pa odwala, mukadzaona mnzanu akutupa milomo, iye n'kukugwirani dzanja kuti mukhale chete, musadzamumvere. Kuwani ndithu, anesi amve. Adzadana nanu milungu ingapo monga ndinachitira ine, koma adzakhala ali moyo.